Mmene mungaphunzirire mawu ozama a Chingerezi

Mwafunsa kuti mungatani kuti mudziwe mawu ozama a Chingerezi, aja osamvekamveka m'macheza a tsiku ndi tsiku. Ine ndimachita motere.

Choyamba, musayambire mu dikishonale. Werengani nkhani yolembedwa bwino imene ikukuvutani pang'ono, mutolemo mawu asanu okha patsiku. Asanu akwana ndithu. Mukatola makumi awiri, mawa lake onse amakhala atauluka.

Kenako lembani liwu lililonse pamodzi ndi chiganizo chimene mwalipezamo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa khama amakhala nalo. Liwu lakuti meticulous mukalilemba lokha ndi tanthauzo lake, wosamala ngakhale pa tinthu ting'onoting'ono, mudzalizindikira powerenga koma polankhula silidzabwera. Lembani meticulous records, meticulous about detail, kuti muone anzake amene limayenda nawo.

Mukatero fufuzani tsinde lake. Mawu ambiri otere anachokera ku Chilatini: bene ndi zabwino, n'chifukwa chake benevolent ndi wokoma mtima, pomwe malevolent ndi wofunira anzake zoipa.

Bwerezani mawa, pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Pulogalamu ya Anki imakukumbutsani yokha nthawi yobwereza. Ngati mukusowa poyambira, Academic Word List, mndandanda wa mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, imene Averil Coxhead anatulutsa mu 2000, ili ndi magulu 570 a mawu.

Sabata isanathe, liwulo muliike m'chiganizo chanuchanu chokhudza moyo wanu, n'kuchiwerenga mokweza. Likamakukanikani pakamwa, mverani katchulidwe kake pa dikishonale ya pa intaneti, mulitchule mpaka lilime lizolowere.