Kusamala makina othandiza kumva

Makina othandiza kumva amadana ndi chinyezi. Musasambe nawo. Usiku uliwonse avuleni, muwapukute ndi kansalu kouma, mutsegule kachitseko ka batire kuti thukuta liume, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala.

Batire latsopano mukalimatula kapepala, dikirani mphindi imodzi musanaliike, chifukwa limayamba kugwira ntchito likalowa mpweya. Musamatule mabatire onse nthawi imodzi, amatha okha.

Makina akamalira ngati likhweru, nthawi zambiri ndiye kuti sanakhale bwino m'khutu kapena phula la m'khutu lachuluka. Musatokose m'khutu ndi machesi kapena nthenga, mungaboole mkati. Pitani akakuoneni kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Mabatirewo bisani patali ndi ana, akameza n'zoopsa kwambiri.