Galimoto Ikamawira Panjira

Mwafunsa za galimoto imene imawira mukamakwera mitunda ya ku Angónia kuchokera ku Moatize. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Tete kumafika madigiri 40, choncho kavuto kakang'ono kamaonekera msanga.

Choyamba, imani pambali, zimitsani injini. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta (moziziritsira madzi a injini), madzi owira angakuthuvukireni kumaso. Dikirani mphindi 30, mutsegule pang'onopang'ono ndi chiguduli.

Ngati madzi achepa, thirani, koma fufuzani pomwe akudontha: mapaipi a labala, makilampu omangira mapaipiwo, ndi pansi pa wotapampu (pampu yoyendetsa madzi mu injini). Madzi a pachitsime ndi ongofikira kunyumba, amadzetsa dzimbiri.

Kenako lizani injini, muyang'ane fani. Singano yoonetsa kutentha kwa injini ikadutsa pakati fani ili zii, onani fyuzi. Ngati ili bwino, lumikizani fani molunjika ku batire. Ikazungulira, vuto lingakhale relay (kachipangizo kopereka magetsi ku fani) kapena swichi ya kutentha.

Gwiraninso paipi yapamwamba ya rediyeta. Ikakhala yozizira injini itatentha, thermostat (kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta) yakakamira. Sinthani, musangoichotsa.

Koma mukaona thovu mu rediyeta, kapena oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, mwina gasiketi ya hedi (yotseka pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yapsa. Apa musayendetsenso, ikokeni kwa makaniko.