Musanapopere munda, yang'anani kaye nyanga za kachilomboko

Mvula ikamapita kumapeto, cha m'Malichi mpaka Meyi, udzu wa m'madambo a Lilongwe umabereka ngala ndipo tizilombo todumpha timachuluka. Nthawi imeneyi alangizi timalandira mauthenga akuti dzombe lalowa m'munda. Tikafika timapeza abwannoni kapena ziwala wamba, mwini munda atapopera kale. Ndalama yapita pachabe, ndiwo za ana zathiridwa poizoni, njuchi nazo zafera zaeni. Alimi anzanga, tizilomboti n'tosavuta kusiyanitsa, bola kukagwira kamodzi n'kukayang'anitsitsa.

Pitani m'mamawa kukadali mame, tisanachangamuke. Kagwireni pamsana, mapiko ali opinda, chifukwa bwannoni amaluma mpaka kutulutsa magazi. Choyamba onani nyanga zake. Zikakhala zoonda ngati ulusi wosokera, zazitali kufika kumchira kapena kupitirira, mwagwira bwannoni, m'bale wake, kapena nkhululu. Zikakhala zazifupi ndi zonenepa, zosafika theka la thupi, chimenecho ndi cha m'banja la ziwala, momwe mulinso dzombe, nunkhadala ndi tsokonombwe. Mtundu wa khungu usakusokonezeni, umasintha ndi malo komanso nyengo.

Bwannoni ali ndi mutu wosongoka pakati pa nyangazo, nkhope yopendekera kumbuyo, ndi thupi loonda la masentimita 4 mpaka 6 kuwerengera mapiko. Ena ndi obiriwira, ena odera ngati udzu wouma, ndipo mwa apo ndi apo mumapeza wa mizere yofiirira, koma onsewa ndi abwannoni. Wamkazi ali ndi kanthu kosongoka kumchira kamene ana amakaopa poganiza kuti ndi mbola. Si mbola ayi, amaikirira mazira m'kati mwa makoko a udzu. Ngati maso anu ali bwino, yang'anani mwendo wakutsogolo, munsi pang'ono mwa bondo. Pali kamng'alu kakang'ono, ndipo ndilo khutu lake. Chiwala chilibe zimenezi, makutu ake ali m'mbali mwa mimba, kunsi kwa mapiko. Kulira kuja kosalekeza kumene mumamva mu udzu usiku ndi kwa amuna, amakhutiza mapiko akutsogolo poitana akazi. Ziwala zimayenda masana, abwannoni amauluka usiku n'kukaunjikana pa magetsi.

Chakudya chawo chenicheni ndi maluwa ndi njere zanthete za udzu. Mlimi wa mtedza, soya kapena fodya asataye nawo tulo. Amene ayenera kukhala tcheru ndi wa mpunga, mapira ndi mawere pamene njere zikadali mkaka, chifukwa gulu lalikulu likatera limasiya ngala zopanda kanthu. Ngakhale pamenepo, ine ndimalangiza kugwira osati kupopera. Nyali yowala, beseni ndi thumba n'zokwanira, ndipo zimene mwagwirazo ndi ndiwo zamafuta zimene pamsika sizichedwa kutha. Ku Uganda, kumene amawatcha nsenene, anthu amatchera ndi magetsi, malata ndi migolo, n'kumapeza ndalama nyengo yonse. Chimene ndimadandaula kuno n'chakuti ana amathamangitsa abwannoni pansi pa magetsi a mumsewu galimoto zikudutsa. Makolo, pitani nawo limodzi kapena aletseni.

Bwannoni ali ndi abale awiri oyenera kuwadziwa. Wina amakhala m'mitengo, mapiko ake ndi otambalala, obiriwira, okhala ndi mitsempha, moti akakhala phee simungamusiyanitse ndi tsamba. Ameneyu amangoluma masamba pang'ono, musiyeni. Wina ndi wonenepa, wopanda mapiko, ali ndi minga pakhosi, ndipo mukamugwira amatulutsa madzi achikasu. Uyu amakwera mapira n'kudya ngala. Popeza sauluka, kumutola ndi manja kapena kukumba kangalande kozungulira munda kumathandiza.

Nkhululu nayo ili ndi nyanga zazitali, koma mutu wake ndi wozungulira ndipo mapiko amagona mophwatalala pamsana. Nthawi zambiri muidziwa musanaione: kamulu ka dothi latsopano pafupi ndi mbande zodulidwa, masamba ena atakokeredwa kuuna. Pa nazale ya fodya kapena ya mitengo, ikumbeni basi.

Tsopano dzombe. Ndi lalikulu, limafika masentimita 6 mpaka 8, lili ndi mzere woyererako pamsana ndi mizere yakuda yodutsa pa mapiko akunja. Tambasulani phiko lam'kati: dzombe lokhwima limakhala lofiira chakutsinde kwa phikolo. Limaswana m'madambo akuluakulu odikha madzi monga a ku Nyanja ya Chilwa, Chiuta ndi Mpatsanjoka ku Salima. Limaikira mazira mvula yoyamba ikagwa, ana opanda mapiko amaoneka cha m'Januwale, ndipo pofika Epulo amakhala atamera mapiko. Mliri waukulu womaliza unasautsa chigawo chino cha Africa kuyambira 1930 mpaka 1944, n'chifukwa chake maiko, kuphatikizapo Malawi, ali ndi bungwe la IRLCO-CSA limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, loyang'anira malo oswanirawa. Dzombe limodzi kapena awiri m'chimanga si mliri. Choopsa ndi kuona ana ambirimbiri akuyenda pamodzi kulowera mbali imodzi, kapena gulu litadzaza mtengo madzulo. Zikatero musalimbane nalo nokha. Uzani mlimi wotsogolera kapena mlangizi tsiku lomwelo, kaya muli ku Mitundu, Mpingu, Ukwe kapena EPA (dera la ulangizi wa zaulimi) ina iliyonse. Tengani angapo m'botolo, kapena jambulani chithunzi phiko litatambasulidwa, bokosi la machesi lili pambali kuti kukula kwake kuoneke, n'kutumiza pa WhatsApp. Chimene chatikanika ife timachipititsa kwa akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze.

Kunena zoona, amene amatha mbewu m'madimba athu chaka ndi chaka ndi nunkhadala, ndipo sitimupatsa chidwi chokwanira. Simungamuphonye: mawanga achikasu, akuda, ofiira ndi obiriwira, mapiko nthawi zambiri aafupi, ndi fungo loipa lotsalira m'manja. Amadya zomera za poizoni, ndiye mbalame zimamupewa, iye n'kumayenda mosatekeseka pa chinangwa, nyemba ndi masamba. Mazira amaikira malo amodzi m'dothi, pamthunzi wa zitsamba, ndipo amaswa mvula ikayamba. Ana ake akuda a mizere yachikasu amagona mounjikana pa chitsamba chimodzi. Nthawi yomugonjetsa ndi imeneyo. Fikani dzuwa lisanatuluke, gwedezerani chitsambacho mu ndowa ya madzi a sopo. Mukadziwa pamene akuluakulu anasonkhana poikira, kagauleni pamalopo m'chilimwe kuti mazira apse ndi dzuwa. Ntchitoyi imaphula kanthu anthu a dimba limodzi akagwirizana, chifukwa nunkhadala sadziwa malire.

Chiswamphika mukachipeza, chija chopinda manja akutsogolo, chisiyeni. Chimadya tizilombo tina, ndi wantchito wanu.

Ngati mwayang'ana bwino, mwafunsa mlangizi, ndipo kupopera sikungapeweke, gulani mankhwala kwa ogulitsa ovomerezeka, tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo valani zodzitetezera. Dziwitsani amfumu ndi oyandikana nawo munda, mangani nsalu yofiira pa ndodo m'mbali mwa mundawo, ndipo nkhuku zisafikeko. Chiwala kapena bwannoni wopezeka atafa kapena ali lefu pansi asatoledwe, ngakhale akuoneka wonona, chifukwa kukazinga sikuchotsa mankhwala.