Momwe mungafunsire za mtundu ndi chipembedzo m'gulu lanu la pa intaneti

Magulu ambiri a anthu ogwira ntchito mongodzipereka masiku ano amakumana pa WhatsApp kapena Facebook. Likakula gulu, manong'onong'o sachedwa: akuti maudindo onse akupita kwa anthu a chigawo chimodzi. Atsogoleri akafuna kudziwa zoona amakonza kafukufuku, koma funso la mtundu ndi chipembedzo likafunsidwa mwachisawawa limamwaza gulu lomwe.

Choyamba, dzifunseni kuti yankholo mukachita nalo chiyani. Ngati vuto ndi lakuti Asilamu amaphonya misonkhano ya Lachisanu masana ndipo a Seventh Day amaphonya ya Loweruka, ingofunsani tsiku lomwe munthu sangapezeke, basi. Za kumene amapemphera zisiyeni.

Chachiwiri, lembani pamwamba pa fomu chifukwa chomwe mukufunsira, amene adzaone mayankho, ndi tsiku lomwe mudzawafufute. Kuno ku Malawi tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, ndipo ngati ena mwa mamembala ali ku Ulaya, lamulo la kumeneko lofanana nalo, la GDPR, limaika mtundu ndi chipembedzo pakati pa nkhani zomwe simungatolere chisawawa popanda chilolezo chomveka cha mwiniwake.

Chachitatu ndi mndandanda wa mayankho, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Musakopere mafomu a ku Britain okhala ndi "Black African" ndi "White". Pafupifupi tonse tichonga bokosi limodzi, ndiye mwaphunzira chiyani? Yambirani pa mitundu yomwe idatuluka m'kalembera wa 2018: Achewa, omwe anali 34.4 pa 100 aliwonse, Alomwe, Ayao, Angoni, Atumbuka, Asena, Amang'anja, Atonga, Ankhonde, Alambya ndi ena. Lolani munthu kuchonga mabokosi angapo, komanso siyani mpata woti alembe yekha.

Chifukwa chake nachi. Taganizirani mtsikana amene bambo ake ndi Mchewa wa ku Dowa, mayi ake ndi Mtumbuka wa ku Rumphi. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, kwa Atumbuka ndi wa kuchimuna. Mbali iliyonse imamulozera kwina, iye adakulira ku Ndirande. Mukamukakamiza bokosi limodzi angotseka fomuyo. Komanso musalote yankho poona dzina kapena chiyankhulo: Mngoni wa ku Ntcheu amayankhula Chichewa, ndipo si Myao aliyense amene ndi Msilamu.

Chachinayi, ikani yankho lakuti "Sindikufuna kuyankha", ndipo funsolo lisakhale lokakamiza. Mafunso amenewa akhale kumapeto kwa fomu. Pa Google Forms zimitsani potolera ma imelo, ndipo musafunse dzina kapena nambala ya foni. Musagwiritse ntchito kavoti ka pa WhatsApp, chifukwa aliyense m'gulumo amaona amene wasankha chiyani.

Potsiriza, samalani polengeza zotsatira. M'gulu la anthu 40, mukalemba kuti "Mlambya mmodzi akuti atsogoleri amakondera", mwamutchula dzina kale, aliyense akumudziwa. Mitundu kapena mipingo yomwe yayankhidwa ndi anthu osakwana 5 iphatikizeni pamodzi kukhala "ena", ndipo musasakanize mtundu, zaka ndi boma la munthu m'tebulo limodzi. Fayilo ya mayankho isungidwe ndi anthu awiri okha, ndipo tsiku lomwe mudalonjeza lija likakwana, ifufuteni.