Nsawawa yodzala mu Ogasiti ikutiluzitsa, alimi anzanga

Madimba ambiri amene ndayendera mwezi uno kumbali ya Bembeke mpaka kutsikira ku Lizulu, nsawawa ikungoyoyoka maluwa, masamba ayera mbuu ngati wina wawaza phulusa, ndipo aliyense akuti mbewu ya chaka chino ndi yabodza. Ayi abale, mbewu musayinamizire. Mwadzala mochedwa basi.

Nsawawa ndi mbewu ya mphepo, imasangalala kukamazizira, madigiri 13 mpaka 18 apo. Kukangotentha kufika cha m'ma 30 maluwa sagwira, amagwa asanabereke, ndipo timakoko tochepa timene tagwirato mumapezamo njere ziwiri kapena zitatu zokha, zinanso zokwinyika. Ndiye tawerengani nokha, kuchokera podzala kufika pothyola pamatenga masiku 60 mpaka 70. Mukadzala kumapeto kwa Ogasiti ndiye kuti maluwa akudzakumana ndi dzuwa la kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe ngakhale ku Dedza kwenikweniko munthu umavula juzi. Chuku choyera chija chimakondanso nyengo yomweyi, usana kotentha usiku kozizira, ndiye chikalowa m'bedi limodzi sabata isanathe dimba lonse layera. Apa nkumathamangira kwa ogulitsa mankhwala, ndalama kupita, mbewu munagula modula ija kupita, mphamvu zonse zopalasa thiredo pampu m'mawa ndi madzulo kupitanso, ndipo madzi pachitsime nthawi imeneyi amakhala atayamba kale kuphwa.

Chomwe chimanditopetsa ndi yankho lomwe ndimamva chaka ndi chaka ndikafunsa chifukwa chodzalira mochedwa, lakuti "timayamba tamaliza kukolola chimanga, kutonola, kuthira mankhwala, kenako tipite kudimba." Nanga nsawawa ikudziwa kuti muli ndi chimanga pakhonde? Mabedi awiri atatu sangakulepheretseni kukolola, ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Mayi wina amene ndinamupeza akuthirira anandiuza kuti, "Alangizi, ine ndimachedwetsa dala kuti ndidzagulitse anzanga atamaliza, mtengo umakhala wokwera." Maganizowo si oipa ayi, koma nditamufunsa kuti wathyola zingati anandionetsa beseni losadzadza, pamalo poti mnzake woyandikana naye amene anadzala mu Meyi anali atagulitsa kalekale, panopa anaikapo tomato. Ndiponso nsawawa yokhwimira padzuwa imalimba msanga, kutsekemera kuja kumatha, mavenda akangotsegula khoko limodzi nkulawa amakutsitsani mtengo pomwepo. Akagula amayi a m'tauni nawo amadandaula kuti siikupsa, nkumathiramo soda, ndiwo nkusanduka phala. Chaka chamawa sabweranso kwa inu.

Tsono mwachidule chifukwa zambirizi mukuzidziwa kale. Dzalani kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni, ngati mukufuna kugulitsa nthawi yaitali siyanitsani mabedi ndi masabata awiri awiri koma osadutsa pamenepo. Kumene kumagwa chisanu choopsa pewani pansi penipeni pa dambo, maluwa amapsa. Zikani timitengo kapena nsungwi kuti iziyanga, madzi thirani patsinde m'mawa, ureya musiyeni, imangochita masamba, manyowa owolerana bwino akwanira. Amene mwadzala kale mochedwa phimbirani ndi udzu, chotsani masamba oyera kwambiriwo mukatayire kutali, ndipo muzithyola masiku awiri kapena atatu alionse kusanatenthe, osasiya thumba padzuwa. Nsawawa yanthete yothyola lero siifuna soda, kazingani anyezi ndi tomato, ikani nsawawa ndi timadzi pang'ono, mphindi zosakwana 10 yapsa.