Buledi wowotcha kale: mmene mungamubwezere pamoto

Alamu anga amati buledi akawotchedwa kamodzi nkhani yatha, kumubwezanso pamoto n'kumuzunza. Ine ndimakana. Amawotchekanso bwinobwino, bola mudziwe kuti amene mukubwezayo wauma kale.

Kufiira kokoma kuja kumabwera shuga ndi mapuloteni a mu ufa zikapsa limodzi pa madigiri pafupifupi 140 kupita m'mwamba, zimene Louis-Camille Maillard wa ku France anafotokoza mu 1912. Ulendo woyamba chinyezi chimachedwetsa moto. Ulendo wachiwiri chinyezicho mulibe, ndiye mukangotembenuka kukatenga kapu, mupeza makala.

Choyamba dzifunseni: mukufuna wofunda chabe kapena wokukuta?

Ngati ndi wofunda, nyowetsani zala muwaze timadontho ta madzi mbali zonse. Ikani chiwaya pa mbaula makala atayamba kuchita phulusa, osati akali lawilawi. Muikeni, vundikirani ndi mbale, theka la mphindi mbali iliyonse. Nthunzi ija imafewetsa mkati. Mudye pompo, chifukwa akazizira kachiwiri amalimba gwa. Amene muli ndi toaster, kamakina kamagetsi kowotchera buledi, tsitsani nambala mpaka pansi ndipo musachoke pamalopo. Koma wopaka kale majarini asalowemo: mafuta amadonthera pa mawaya, utsi tolo, mwinanso moto. Ameneyo wake ndi chiwaya, mbali yopakayo pansi, ndipo kunena zoona amakoma kuposa poyamba. Wa jamu ingodyani wozizira, shuga sachedwa kupserera.

Ngati mukufuna wokukuta, apa ndiye alamu aja alibe poyankhira, chifukwa kuwotcha kawiri ndi luso la akatswiri. Auguste Escoffier, mkulu wa zophika pa hotela ya Savoy ku London, ankakonzera woimba wa ku Australia Nellie Melba buledi wotereyu, ndipo mpaka lero amatchedwa Melba toast. Tengani silayisi yowotcha ikali yofunda, dulani makoko a m'mbali. Igonekeni pa bolodi, chikhatho pamwamba, mulowetse mpeni wamano pakati mopingasa kuti patuluke timapepala tiwiri topyapyala. Palani tizinyenyeswa tofewa, kenako wotchani mbali yoyerayo pa moto wochepa. M'mphepete timapindika tokha, musadabwe. Tikazizira tsekerani m'chitini chouma. Amene munakhalako ku Joni mukudziwa ma rusks oviika mu tiyi; nawonso amalowa mu uvuni kawiri.

Pamene ndimagwirizana ndi alamu ndi pa mtundu. Buledi akamadera, mankhwala otchedwa acrylamide, amene akuwakayikira kuti angayambitse khansa, amachuluka. Asayansi a ku Sweden anawapeza m'zakudya mu 2002, ndipo mu 2017 bungwe loona za zakudya la Food Standards Agency ku Britain linalangiza anthu kulekeza pa mtundu wagolide. Choncho amene anali wotuwa mubwezeni. Amene anada kale m'mphepete, musiyeni, muviikeni mu tiyi.