Foni ikakana kutchaja, yesani izi musanapite kwa okonza

Mafoni ambiri amene amathamangitsidwa kwa okonza ati batire lafa sakhala ndi vuto la batire. Kawirikawiri chalakwika ndi chingwe kapena fumbi, ndipo zimenezi mungathane nazo muli pakhomo.

Yambirani pakhoma. Magetsi a ESCOM akabwera atathima, nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola muyeso n'kuotcha mutu wa tchaja. Lumikizani wailesi pa soketi yomweyo muone ngati ikuyaka. Ngati tchaja yanu ndi ya mano awiri yomwe mumaikakamiza pa soketi ya mabowo atatu ndi kamtengo, gulani adaputa, chifukwa pamenepo sipagwira bwino.

Kenako sinthani chingwe chokha, mutu ukhale womwewo. Bwerekani cha mnzanu chimene chikugwira ntchito. Chingwe chimaduka mkati, makamaka pakhosi pake pafupi ndi foni, kunja chikuoneka chabwinobwino. Ngati foni imatchaja pokhapokha mutapinda chingwe kapena kuchitsamiritsa pa buku, chingwecho chatha. Mukaona kuti sichingwe, sinthaninso mutu.

Tsopano kabowo kotchajira, komwe anthu ambiri sayang'anako n'komwe. Foni imakhalira m'thumba, ndipo ulusi wa zovala ndi fumbi zimalowa pang'onopang'ono. Nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazitsendera mkati mpaka zimaumbana, chingwe n'kuyamba kulekera panjira. Chizindikiro chake n'chakuti chingwe chimagwedera kapena kusololoka chokha. Zimitsani foni, unikani ndi tochi, ndipo tengani kamtengo kotokosera m'mano mukokolole zinyalalazo mofatsa. Singano kapena pini ayi: chitsulo chimakanda timawaya ndipo chingagunditse magetsi. Pa mafoni okhala ndi mabowo otchajira a mtundu wa USB-C ndi micro-USB, monga Tecno, Itel ndi Samsung, pakati pa bowo pali kalilime kopyapyala. Dutsani m'mbali mwake, musakakanikize. Mudzadabwa ndi zomwe zidzatulukemo.

Foni imene batire lake linatheratu siyaka nthawi yomweyo. Isiyeni pa tchaja mphindi 30 musanaiweruze. Ikakhalabe chete, pa Samsung dinani batani loyatsira pamodzi ndi lochepetsera mawu kwa masekondi 10.

Za tabuleti imene ikutchaja koma osadzaza, werengani tizilembo ta pamutu wa tchaja. Nambala yotsatana ndi chilembo A imasonyeza kuchuluka kwa magetsi amene tchaja imatulutsa. Pakalembedwa 5V 1A, mphamvuyo ndi yochepa. Matabuleti ambiri amafuna 2A kapena kuposerapo. Bowo la USB 2.0 la pakompyuta limatulutsa 0.5A yokha, choncho mwana akamaonera vidiyo uku ikutchaja, batire limatsika m'malo mokwera. Sola yaing'ono nayo imafooka kukachita mitambo. Ndi bwino kudzaza kaye power bank masana, foni n'kudzatchajira pamenepo.

Kutentha nakonso kumaimitsa tchaja. Foni ikatentha kwambiri imachepetsa yokha kapena kusiyiratu kutchaja poteteza batire. M'mwezi wa Okutobala musaisiye pawindo kapena pansi pa pilo. Ichotseni m'chikwama chake izizire. Ndipo ikamaima pa 80%, onani kaye m'masetingi, popeza iPhone ndi Samsung zatsopano zimachita dala zimenezi kuti batire likhalitse.

Ikanyowa, musailumikize ku magetsi. Igwedezeni pang'ono bowo litaloza pansi, muiike podutsa mphepo kwa maola angapo. Zoika mumpunga zija zilekeni, timadeya take timangokatsekanso bowo lomwelo.

Pali zina zosayenera kuzigwira nokha. Chivundikiro chakumbuyo chikatukuka kapena sikirini ikayamba kunyamuka, batire latupa ndipo lingayake moto. Musalitchajenso kapena kuliboola. Chimodzimodzi bowo likada ngati lapsa kapena likamanunkha pulasitiki. Popita kwa okonza tengani tchaja ndi chingwe chanu, muwauze zomwe mwayesa kale, ndipo muwapemphe ayeze bowo lotchajira asanakugulitseni batire latsopano.